Mutu 4: Anjelina Atsegula Chipata cha Munda wa Mapichesi

1. Munda wa m'chigwa

Pakati pa mapiri a kufupi ndi Mayani pali chigwa chozizira, chimene kamtsinje kake sikaphwa ngakhale chilimwe chitavuta chotani. M'chigwa chimenechi munali munda wa a Rafaelo, mlimi wa mapichesi amene mbiri yake inafika mpaka ku Boma la Dedza.

A Rafaelo anaphunzira za zipatso ali mnyamata, pamene ankagwira ntchito m'munda wa ansembe ku mishoni. Atakwatira a Magadalena anayamba wawo munda. Ankafesa njere za mapichesi wamba, zikamera n'kumezanitsa ndi timphukira ta mapichesi akuluakulu, ofiira m'kati. Mtengo uliwonse ankaulera zaka zitatu kapena zinayi usanabale. Pofika chaka cha 1978 mitengoyo inali itadzaza mundawo, ndipo banja lonse linkadya, kuvala ndi kuphunzira chifukwa cha mapichesi. Munda anautchinga ndi mpanda wa minga, pachipata n'kuikapo loko.

Kumunsi kwake, m'mbali mwa madzi, a Magadalena anali ndi mabedi a marozi. Loweruka lililonse ankathyolako okakongoletsa guwa la kutchalitchi.

Mwana wawo Anjelina anali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo anali mu Sitandade 7. M'kalasi anali wanzeru, pantchito sanali waulesi. Vuto lake linali limodzi: sankapirira kuona mnzake ali kutsogolo iye ali kumbuyo.

Unali mwezi wa Ogasiti. Mitengo inalibe tsamba ndi limodzi lomwe, koma nthambi zonse zinali mbuu ndi maluwa ofiirira, njuchi zikung'ung'udza tsiku lonse.

2. Mlendo kusukulu

Lachiwiri m'mawa kusukulu kunafika a Gervazio, tcheyamani wa chipani m'deralo. Pambuyo pawo panali anyamata awiri a chipani, ovala malaya ofiira. Aphunzitsi anaimitsa maphunziro, ana onse n'kusonkhana pabwalo.

"Ana inu, Loweruka likudzali kukubwera nduna kuchokera ku Lilongwe, kudzachititsa msonkhano pa Mayani," anatero a Gervazio. "Tikufuna timange chipata cha maluwa pamsewu, choti galimoto ya nduna idzadutse pansi pake. Tikufunanso mtsikana mmodzi waukhondo woti adzapereke maluwa m'manja mwa nduna, anthu onse akuona. Ojambula zithunzi adzakhalapo. Koma taonani, tchire lonse lapsa. Maluwa tiwapeza kuti? Mtsikana amene atithandize, mwayi umenewu ndi wake."

Aphunzitsi aakulu anazolika.

Anjelina anakweza mkono.

"Kwathu aliko, a Tcheyamani. Munda wonse wa bambo wachita maluwa."

"Ndiwe mwana wa yani iwe?"

"Wa a Rafaelo, a kuchigwa."

A Gervazio anamwetulira. "Mwana wa mnzanga. Ndinaiwala bwanji ine? Ukawauze bambo ako kuti dziko likuwafuna."

Tsiku limenelo atsikana onse anamuzungulira Anjelina. Ena ankamufunsa diresi limene adzavale, ena ankati chithunzi chake chidzatuluka m'nyuzipepala. Pobwerera kunyumba sanayende, anathamanga.

3. Mawu a bambo

Anawapeza bambo ake m'munda, akuthira manyowa m'tsinde mwa mitengo. Amayi ake anali chapafupi, akutunga madzi. Anjelina anafotokoza zonse mpweya uli m'mwamba. A Rafaelo anatula dengu la manyowa, nakhala pamwala.

"Khala pansi, mwana wanga," anatero. "Duwa la amako ndi duwa langa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Rozi ntchito yake ndi kukongola basi. Ukalithyola lero, posachedwa lina laphuka. Koma ili ukuona pamtengoli si duwa chabe ayi. Ndi pichesi limene likadali khanda. Ukadula nthambi imodzi wataya mapichesi a mu Disembala amene akanadzaza lichero. Ndiponso nthambi imene yachita maluwa chaka chino inamera chaka chatha. Mtengo wagwira ntchito miyezi khumi ndi iwiri kuti ufike pamenepa. Ukaudula moipa umalira utomoni, matenda n'kulowera pabalapo, mtengo n'kuuma. Yunifolomu yako ya sukulu, mafuta a nyale, mankhwala a amako, zonse zili pamwambapa, zikudikira kupsa."

Anjelina anayang'ana pansi.

"Chachiwiri ndi ichi, ndipo uchimve ndi makutu onse awiri. Gervazio ndinakula naye. Tinkaweta mbuzi limodzi, tinabatizidwa tsiku limodzi. Sanali munthu woipa. Koma munthu akavala malaya amenewa amaiwala mawu akuti basi. Mbuzi ukaitsegulira dimba kuti idye tsamba limodzi, siwerenga masamba. Masiku ano munthu sakana maso ndi maso, chifukwa wokana amakagona kumene abale ake sakudziwa. N'chifukwa chake munda uno ndimautseka, ndipo sindiutchula pagulu. Iwe wautchula. Madzi akatayika saoleka, ndiye sindikukalipira. Ukawauze kuti amako apereka marozi onse, osasiyako ndi a kutchalitchi omwe. Koma mitengo ayi. Ukanene kuti bambo sanayankhe za mitengo. Ndipo chipata icho usatsegulire munthu, kaya ndi ndani."

A Magadalena anatula ndowa yawo.

"Wamva zimene anena bambo akozi? Ulemu wa tsiku limodzi sudyedwa, Anjelina. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anthu adzaomba m'manja Loweruka, Lamulungu aiwala. Ife tidzatsala ndi chaka chonse."

"Ndamva, amayi. Ndamva, bambo," anayankha Anjelina.

4. Chipata chitseguka

Lachinayi kunabwera uthenga wa maliro. Amalume a a Magadalena anali atamwalira ku Mphunzi. Makolo onse awiri ananyamuka masana omwewo, atanena kuti abwera mawa lake akaika maliro. Anjelina anatsala chifukwa cha sukulu. Kiyi wa munda anali pamalo ake, pamsomali kuseri kwa chithunzi cha Amayi Maria.

Lachisanu m'mawa a Gervazio anabweranso kusukulu, namuitanira Anjelina pambali.

"Bambo ako ati chiyani?"

"Amayi apereka marozi onse, a Tcheyamani."

"Marozi? Marozi angakute chipata chotalika ngati nyumba? Ndikufunsa za mitengo."

"Za mitengo sanayankhe. Apita kumaliro."

A Gervazio anapukusa mutu ngati munthu womva chisoni. "Ndiye palibe kanthu. Ndimati ndiwe mtsikana wa mawu amodzi. Veronika, mwana wa mlongo wanga, akulira usana ndi usiku kuti iye ndiye apereke maluwa. Ine ndimamukaniza chifukwa cha iwe. Basi, tim'patsa Veronika."

Veronika anali wa m'kalasi mwa Anjelina. Nthawi imeneyo anali ataima pakhonde, akuwayang'ana.

A Gervazio atatembenuka kuti azipita, Anjelina analankhula.

"Bwanji mutadula nthambi imodzi imodzi pamtengo uliwonse? Zing'onozing'ono zokha, za m'munsi."

"Imodzi imodzi, mwana wanga. Bambo ako sadzazindikira n'komwe."

Dzuwa lili paliwombo, ngolo ya ng'ombe inatsetsereka m'chigwa. Inali ndi anyamata asanu ndi mmodzi, aliyense chikwanje m'manja. Anjelina analowa m'nyumba, nachotsa chithunzi chija pakhoma, natenga kiyi. Loko anavuta pang'ono, koma anatseguka.

Pamtengo woyamba mnyamata anadula kanthambi kamodzi. Pamtengo wachiwiri anadula ziwiri. Pofika pachitatu mnzake anati, "Tizinthu iti tingakwane liti? Dula yaikuluyo." Chikwanje chinalira, nthambi yonenepa ngati mkono wa munthu n'kugwa, itang'amba khungwa mpaka m'tsinde. Maluwa anayoyoka ngati ufa. Njuchi zinabalalika.

"Iyo ayi," anatero Anjelina. "Tinapangana zing'onozing'ono."

Anathamangira kwa a Gervazio, amene anali atakhala pamwala akusuta fodya.

"A Tcheyamani, auzeni asiye. Zakwana."

"Zikakwana ndinena ndine."

"Bambo andipha."

"Bambo ako ndi munthu wokonda dziko lake. Kapena ukufuna kundiuza kuti salikonda?"

Anjelina anabwerera pachipata.

Ngolo inadzaza, inapita, inabweranso. Anyamata atatopa ndi kukwera m'mitengo ikuluikulu anatembenukira ku mitengo ing'onoing'ono, imene inali itangochita maluwa koyamba. Imeneyo sankaisadza ayi, ankangoidula m'tsinde, chifukwa inali yosavuta kunyamula. Marozi a a Magadalena anawazula ndi mizu yomwe. Ng'ombe zinapondaponda mabedi pofuna madzi.

Anjelina anaima pachipata, kiyi ali m'manja, misozi ikutsikira pa yunifolomu.

5. Kubwera kwa mwini munda

Ngolo itangokwera chitunda ulendo wachitatu, a Rafaelo ndi a Magadalena anatulukira m'njira ya kumsewu. Panjira anali atakumana ndi ngoloyo, ndipo anazizindikira nthambi zimene inanyamula.

A Magadalena atafika pachipata anangokhala pansi, manja kumutu. A Rafaelo analowa. Anayenda mtengo ndi mtengo, akugwira mabala ndi chikhatho. Pa chitsa cha kamtengo kena anagwada, nayang'ana pamene anamezanitsa ndi manja awo zaka zitatu zapitazo. Chikwanje chinali chitadula kunsi kwake.

A Gervazio anali asanachoke. Anaimirira, nasasa fumbi pa buluku.

"A Rafaelo, chipani chikuthokoza. Dzina lanu ndikalitchula pamsonkhano."

A Magadalena anadzuka msanga. "Bambo a Anjelina, tiyeni kunyumba. Mwatopa ndi ulendo." Atatero anatsogola, poganiza kuti amuna awo awatsatira.

Koma a Rafaelo sanasunthe.

"Gervazio," anatero, osatchula udindo, "amayi ako atadwala chaka chija, mapichesi amene ankadya kuchipatala anachoka mumtengo uwo wagona apowo. Ukanabwera wekha n'kundipempha, ndikanakuthyolera ndi manja anga, ndikudziwa pothyola. Zaka makumi awiri ndalera munda uno. Mwaupha masana amodzi kuti munthu wa m'galimoto adutse pansi pake. Boma limene limadya maluwa, chaka chamawa lidzadya chiyani? Lidzadya anthu."

M'mundamo munali anthu atatu okha: a Rafaelo, a Gervazio ndi Anjelina.

A Gervazio anaponya chitsiki cha fodya pansi, nachiponda. "Mwanena kuti chiyani?"

"Wamva."

"Ndamva. Ndipo sindinamve ndekha." Anamuyang'ana Anjelina, kenako anatuluka.

A Rafaelo anatambasula dzanja. Anjelina anaikamo kiyi. Ankayembekeza mbama, ndipo mbamayo akanailandira ndi mtima wonse. Koma bambo ake anangoika kiyi m'thumba, natuluka, chipata n'kuchisiya chili pululu.

6. Tsiku la msonkhano

Loweruka ana onse a sukulu anayenera kupita kumsonkhano. Aphunzitsi ankaitana maina, ndipo mwana wojomba makolo ake ankafunsidwa. Anjelina anavala diresi lake la kutchalitchi. Amayi ake sanamuthandize kumanga lamba kumbuyo monga ankachitira Lamulungu lililonse.

Pa Mayani panali anthu osawerengeka. Msika unali wotsekedwa. Chipata cha maluwa chinaima pakati pa msewu, chachitali ndithu. M'mawa chinali chokongola, ndipo amayi ena ankaima n'kumachiyang'ana. Koma duwa la pichesi silikhalitsa likachoka pamtengo. Dzuwa litakwera, kamphepo ka Ogasiti kanayamba kuomba, maluwa n'kumayoyokera m'fumbi. Pofika masana panali patatsala nthambi zokhazokha, ngati mtolo wa nkhuni umene wina waupachika m'mwamba.

Anjelina anaimikidwa kutsogolo, atafumbata mtolo wa marozi a amayi ake. Anaima kuyambira m'mawa osadya kanthu. Dzuwa litapendeka kunamveka kuti galimoto zayandikira. Pamenepo mayi wina wa chipani anabwera, namuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Uyu alibe nsapato. Angaonekere bwanji pamaso pa nduna?"

"A Tcheyamani analonjeza ine," anatero Anjelina.

"A Tcheyamaniwo ndi amene andituma."

Mayiyo analanda marozi aja, nam'patsa Veronika, amene anali kale pambali atavala nsapato zoyera ndi sokosi. Anjelina anakankhidwira kumbuyo, m'gulu la ana anzake.

Galimoto zinadutsa pansi pa chipata chija mothamanga, magalasi ali otseka chifukwa cha fumbi. Nduna itatsika, Veronika anagwada napereka marozi. Nduna inawalandira osawayang'ana, n'kupatsira dalaivala, dalaivala n'kuwaponya pampando wa kumbuyo. Inalankhula pang'ono za ubwino wolimbikira kumunda, anthu anaomba m'manja, ndipo galimoto zinabwerera dzuwa lisanalowe.

Pobwerera Anjelina anaona amayi a kumsika akuphwasula chipata chija, akulimbirana nthambi zoti akasonkhere moto.

7. Galimoto m'chigwa

Lamulungu guwa la kutchalitchi linalibe maluwa. Anthu amene ankakhala benchi limodzi ndi a Rafaelo anasunthira kwina. Nkhani inali itamveka kale.

Lolemba m'mawa a Rafaelo anatenga kampeni ndi kabeseni ka dothi losakaniza ndi ndowe. Ankasalaza mabala a mitengo imene inatsala, n'kumata dothi lija. Anjelina sanapite kusukulu. Anawatsatira kumunda, nawanyamulira beseni. Bambo ake sanamuthamangitse.

"Bambo, mundikhululukire."

"Gwira bwino beseni," anatero a Rafaelo. Anamata dothi pabala, napitiriza. "Iwe unalakwa ndi dzanja, ine ndinalakwa ndi pakamwa. Tonse tinachenjezedwa. Ine ndinadzichenjeza ndekha, koma sindinadzimvere. Tsono yang'anitsitsa zimene ndikuchitazi. Bala ulisalaze mopendeka kuti madzi asaimepo. Mvula ikagwa zitsa izi ziphukira. Mphukira zochokera kunsi kwa pomezanitsa ndi za mtengo wamba, zipatso zake n'zowawasa. Usazichotse zonse, usiye imodzi yolimba, idzamezanitsidwenso. Kampeni aka ukanole nthawi zonse. Amako maso awo saona bwino, ndiye ntchito imeneyi ndi yako."

"Nanga inu mukhala muli kuti?"

A Rafaelo anadzutsa mutu. Anali atamva kale kulira kwa galimoto kumtunda. M'chigwa chimenecho galimoto sinkatsikamo kawirikawiri.

Inaima pachipata. Munatsika amuna awiri achilendo, ndipo pambuyo pawo a Gervazio.

"Ndinu a Rafaelo? Mukufunika ku Boma. Mafunso pang'ono chabe."

"Ndisambe m'manja."

"Mukasamba komweko."

A Magadalena anabwera akuthamanga kuchokera kunyumba, atanyamula jekete la amuna awo. Anagwada pamaso pa a Gervazio.

"A Tcheyamani, munthuyu ndi mbale wanu mu ubatizo. Unali mtima wopweteka chabe. Tengani mbuzi zonse, tengani ndi munda womwe."

A Gervazio anayang'ana kumbali. Mmodzi wa alendo aja analandira jekete, naliponya m'galimoto. A Rafaelo anapatsa Anjelina kampeni kaja, nakwera kumbuyo, manja ali dothi lokhalokha. Anthu a m'mudzi anaonerera ali m'makomo mwawo. Palibe anayandikira.

Galimoto isananyamuke, a Gervazio anamukodola Anjelina.

"Bambo ako akakana kuti sananene kanthu, ndipo mawu a munthu mmodzi sakwana. Pamalo paja tinalipo atatu. Lachitatu m'mawa galimoto ibwera kudzakutenga, ukanene zimene unamva, osachotsa, osaonjeza. Ukanena zoona, sukulu upitiriza ndipo amako palibe awakhudze. Ukati sunamve, ndiye kuti ine ndine wabodza, ndipo wotcha tcheyamani wabodza watukwana chipani. Nyumba imene muli anthu otero siikhalitsa m'mudzi muno. Ndiwe mtsikana wanzeru."

Galimoto inakwera chitunda, fumbi n'kutsala likutsikira pa zitsa.

A Magadalena anali akadali chogwada. Atadzuka anamugwira Anjelina paphewa, namutembenuza kuti ayang'anane.

"Ine tsiku lija ndinali nditachoka. Bambo ako anakana kundiuza zimene ananena. Iwe unawamva?"

"Ndinawamva, amayi."

"Onse?"

"Onse."

A Magadalena anayang'ana kumene galimoto inalowera, kenako anayang'ana nyumba yawo.

"Wakula ukuphunzira kutchalitchi kuti bodza ndi tchimo, ndipo ndine ndinakuphunzitsa," anatero motsitsa mawu. "Lero sindikudziwa choti ndikuphunzitse. Nanga Lachitatu ukanena chiyani, mwana wanga?"

Anjelina anayang'ana kampeni kamene kanali m'manja mwake. Panali patatsala masiku awiri.